Kuchokera ku Mphande Kufika ku Mgona: Mbiri ya Kafukufuku wa Chichewa

Mwana wa ku Kawale kapena ku Area 23 akauza makolo ake kuti akufuna kubwerera ku yunivesite kukachita digiri yachiwiri ya ziyankhulo, kawirikawiri amamufunsa kuti, "Kodi Chichewa n'chopitiranso kusukulu? Si chomwechi tikuyankhula panochi?" Funsoli yankho lake lili m'mbiri ya zaka zoposa 170, mbiri ya anthu amene anakhala pansi n'kumvetsera mmene ife timayankhulira, n'kulemba, n'kusanthula. Poyamba olembawo anali alendo, ife tinali ongofunsidwa. Patapita nthawi ana a dziko lino anagwira okha cholembera. Chatsala n'chakuti kafukufukuyu afike kumene Chichewa chikusinthira tsiku ndi tsiku, komwenso kusamvana chiyankhulo kukupweteka anthu, ndiko m'malokeshoni a mzinda wa Lilongwe.

Kapolo wa ku Mphande

Buku loyamba lalikulu la mawu a Chichewa silinalembedwere kuno. Linalembedwa kufupi ndi Mombasa, m'dziko la Kenya, m'zaka za 1853 ndi 1854. Kumeneko kunali mmishonale wa ku Germany dzina lake Johannes Rebmann, yemwe anakumana ndi munthu wotchedwa Salimini. Dzinali linali la Chiswahili, lolandirira ku ukapolo, pakuti mwini wake anagwidwa kuno kwathu zaka ngati khumi m'mbuyomo n'kutengeredwa kunyanja yamchere. Kwawo kunali ku Mphande, malo amene ofufuza amakhulupirira kuti anali m'dera lino la Lilongwe.

Salimini sankangotchula mayina a zinthu ayi. Ankafotokoza miyambi, miyambo, zakudya ndi mitengo ya kwawo, ndipo ankasiyanitsa kayankhulidwe ka anthu a kumtunda, kumene iye anabadwira, ndi ka Amaravi a chakummwera. Anauza Rebmann, mwachitsanzo, kuti mtengo umene kwawo ankautcha kamphoni, anzawo a kummwera ankati mombo. Imeneyi ndi ntchito yeniyeni ya katswiri wa ziyankhulo, yogwiridwa ndi munthu amene sanapondeko m'kalasi. Bukulo linatuluka mu 1877, Rebmann atamwalira kale, ndipo mutu wake unali Dictionary of the Kiniassa Language. Pachikuto panalembedwa dzina la mmishonaleyo. Dzina limene Salimini anapatsidwa ndi makolo ake linatayikira m'njira ya ukapolo, koma mawu ake alipo mpaka lero, ndipo munthu wa ku Chinsapo atawawerenga ambiri angawazindikire.

Amishoni ndi Buku Lopatulika

Amishoni atafika m'dziko muno anapeza kuti sangalalike kapena kuphunzitsa popanda kuika chiyankhulo cha anthu papepala. Mu 1880 Alexander Riddel anatulutsa galamala wa Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja. Mu 1892 David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa mtanthauziramawu waukulu wa Chimang'anja, umene Alexander Hetherwick anaukonzanso mu 1929. M'chigawo chapakati munafika amishoni a Dutch Reformed, amene anamanga ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo Akatolika anakhazikika ku Likuni, kumene pambuyo pake anaikako makina osindikizira mabuku.

Vuto linabuka msanga. Mishoni iliyonse inkalemba monga ankayankhulira anthu oizungulira: ku Blantyre Chimang'anja, ku Likoma Chinyanja cha kunyanja, ku Nkhoma Chichewa. Kodi Baibulo la onse lilembedwe m'kayankhulidwe kati? Mu 1900 mipingo ingapo inagwirizana zomasulira Baibulo limodzi, ndipo ntchito yaikulu inagwera William Murray wa Dutch Reformed pamodzi ndi aphunzitsi ndi akulu a mpingo akuda amene ankamuwongolera. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Omasulirawo ankakangana pa mawu amodziamodzi, pa zilembo, pa chimene wa ku Mulanje ndi wa ku Dowa angamve onse awiri. Dzina lakuti Applied Linguistics linali lisanabadwe, koma ntchito yake inali yomweyi: kutenga nzeru za chiyankhulo n'kuthetsa nazo vuto limene anthu ali nalo.

M'sukulu za mishonizi munatuluka alembi athu oyamba. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linapambana mpikisano wa mabuku a m'ziyankhulo za mu Africa n'kusindikizidwa mu 1933, kenako analemba Mbiri ya Achewa. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma Nthara anaonetsa kuti eni mudzi akalandira kalumoko amametanso bwino.

Chicago ndi msonkhano wa 1968

Chichewa chinalowa m'yunivesite kudzera ku America. Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa kumeneko amene ankachita maphunziro a udokotala pa University of Chicago, ankafuna munthu woyankhula chiyankhulo cha mu Africa. Anapeza mnyamata wa ku Kasungu amene ankaphunzira pa sukulu yomweyo, Hastings Kamuzu Banda. Zimene anakambirana zinabala buku la A Grammar of Chichewa mu 1937. Kachiwirinso mwini chiyankhulo anali woyankha mafunso, wina ndiye wolemba.

Koma woyankha mafunso ameneyu anadzakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo nkhani ya chiyankhulo sanaiiwale. Mu Seputembala 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress, umene unachitikira ku Lilongwe, unagamula kuti dzina lakuti Chinyanja lisinthe likhale Chichewa, kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo kuti icho ndi Chingerezi ndizo zizigwira ntchito za boma. Chitumbuka, chimene chinkamveka pa wailesi ndi kuphunzitsidwa m'sukulu za kumpoto, chinachotsedwa. Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Chinkhonde zinatsala za pakhomo basi. Bala limeneli anthu a zigawo zina akulimvabe, ndipo wolemba mbiri ya Chichewa sayenera kulibisa.

Mu 1972 boma linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board kuti likonze kalembedwe, lilembe mtanthauziramawu ndi kulondoloza kayankhulidwe koyenera. Bungweli linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo pa wailesi ya MBC pankamveka pologalamu ya Tiphunzire Chichewa. M'nyengo imeneyi ndi mmene mawu monga mneni, mlowam'malo, mwininkhani ndi pamtherankhani anafala m'sukulu zonse, ndipo ana ankawerenga mabuku a John Gwengwe, E.J. Chadza ndi Jolly Max Ntaba. Chovuta chinali chakuti woweruza wamkulu wa Chichewa anali Kamuzu mwini. Ankadzudzula poyera Chichewa cha amishoni ndi cha m'tauni, ndipo chimene iye wanena panalibe katswiri wolimba mtima kuchitsutsa. Mtanthauziramawu umene bungweli linapatsidwa kuti lilembe sunatuluke mpaka bungwelo linatha.

Likulu lisamukira ku Lilongwe

Pamene akuluakulu ankafuna kuumba Chichewa chimodzi choyera, mzinda watsopano unkaumba china. Lilongwe inali kaboma kakang'ono kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kodalira malonda a fodya, ndipo pa kalembera wa 1966 anthu ake sankafika 20,000. Mu 1965 boma linagamula zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo dziko la South Africa linabwereketsa ndalama zokwana 8 miliyoni randi zoyambira ntchitoyo. Mu 1975 Lilongwe inakhala likulu.

Mzindawo unkafuna amisiri omanga nyumba, akalipentala, madalaivala, alonda, makalaliki ndi antchito a m'nyumba, ndipo anthu anabwera kuchokera kumadera onse. Boma linagawa mapuloti m'malo amene munthu ankaloledwa kumanga yekha monga angathere, ndipo motero Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Area 23 ndi Area 25 anakula. Amene anasowa puloti anapempha malo kwa mafumu m'midzi ya m'mphepete mwa mzinda. Chinsapo, m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, ndi Mgona, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, anadzaza mwa njira imeneyi. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unapezeka ndi anthu 989,318.

Pampanda umodzi wa nyumba za lendi pankatha kukhala Mtumbuka wa ku Rumphi, Myao wa ku Mangochi, Mlomwe wa ku Thyolo, Msena wa ku Nsanje ndi Mchewa wa kwa Kalolo, onse akutunga madzi pa mpopi umodzi. Chowalumikiza chinali Chichewa, koma aliyense anachibweretsera kanthu ka kwawo. Obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale anawonjezapo mawu awo, ndipo m'zaka zaposachedwapa amalonda ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Tanzania abweretsa Chiswahili m'maokala ndi m'misika. Ana obadwira m'malokeshoni amenewa anakula akumva chiyankhulo cha agogo awo koma akuyankha m'Chichewa. Kalembera wa 1998 anapeza kuti anthu pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amayankhula Chichewa kapena Chinyanja pakhomo, chiwerengero choposa kutali cha Achewa ndi Anyanja enieni.

Ana a dziko lino agwira cholembera

Ku Chancellor College kunatsegulidwa nthambi ya Chichewa ndi sayansi ya ziyankhulo, yomwe pambuyo pake inakhala ya ziyankhulo za mu Africa. Digiri ya udokotala inalibe kopezera kuno, choncho aphunzitsi ake ankapita kunja. Sam Mchombo anakaphunzira ku London, ndipo anadzakhazikika pa University of California ku Berkeley. Jack Mapanje, amene ambiri amamudziwa ndi ndakatulo, anatenga digiri yake ya udokotala pa University College London mu 1983 posanthula aneni a Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi. Mu 1987 anamangidwa popanda mlandu n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991. Al Mtenje anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1986, atafufuza kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu, kamene kamachititsa kuti khutu lisiyanitse mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ngakhale zilembo zili zofanana.

Ntchito ya anthu amenewa inakweza Chichewa pamaso pa akatswiri a dziko lonse lapansi. Mu 1987 Mchombo ndi Joan Bresnan wa ku Stanford analemba za kamawu kamene kamalowa m'kati mwa mneni, monga -mu- wa mu "ndinamuona", n'kuonetsa kuti kamagwira ntchito ya mlowam'malo. Mu 1989 Bresnan ndi Jonni Kanerva anasanthula ziganizo za mtundu wa "Ku Biwi kwabwera alendo", mmene malo ndiwo amakhala mwininkhani. Zolembedwa ziwirizi zimawerengedwa m'mayunivesite a ku Ulaya, America ndi Asia mpaka lero. Mchombo anatulutsa The Syntax of Chichewa mu 2004, ndipo Mtenje ndi Laura Downing anatulutsa The Phonology of Chichewa mu 2017. Chiganizo chimene mayi wogulitsa tomato ku Kawale amanena osaganizako, chinathandiza kusintha maganizo a akatswiri pa mmene ziyankhulo za anthu zimapangidwira.

Ufulu wa zipani zambiri ndi mafunso atsopano

Chaka cha 1994 chinatsegula pakamwa pa anthu. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko linapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wafuna. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi ya MBC, ndipo Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinatsatira. Chichewa Board inathetsedwa, m'malo mwake mu 1996 munabadwa Centre for Language Studies ku Zomba, pansi pa University of Malawi, yoyang'anira ziyankhulo zonse za m'dziko muno. Mtenje anali mkulu wake woyamba, ndipo Pascal Kishindo anadzaitsogoleranso. Bungweli ndi limene linamaliza Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womasulira Chichewa m'Chichewa chomwe, ndipo linakonza kalembedwe ka Chiyao, Chitumbuka ndi ziyankhulo zina.

Apa ndi pamene mafunso a akatswiri anachoka pa kapangidwe ka chiganizo n'kupita pa moyo wa anthu. Edrinnie Kayambazinthu, amene anachita udokotala wake ku Australia, analemba mu 1998 mbiri yonse ya mmene maboma athu akhala akusankhira ziyankhulo. Alfred Matiki anafufuza aphungu a Nyumba ya Malamulo, kumene gawo 51 la malamulo limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo anapeza kuti lamuloli limatseka pakamwa aphungu ambiri amene akanatha kuyankhulira bwino anthu awo m'chiyankhulo cha kwawo. Gregory Kamwendo anakhala pa chipatala chachikulu cha Mzuzu kumvetsera madokotala ndi odwala, ndipo kafukufuku wake wa udokotala, wa ku Helsinki mu 2004, anaonetsa kuti pamene dokotala ndi wodwala sakumvana, womasulira amangokhala aliyense amene ali pafupi, kaya namwino kaya gadiyani, wopanda maphunziro a ntchitoyo.

Nkhondo yaikulu inali ya m'kalasi. Sukulu yaulere itayamba mu 1994, ana a ku pulayimale anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo m'malokeshoni ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo. M'zaka zomwezo Eddie Williams wa ku Britain anayesa ana a ku Malawi ndi a ku Zambia pa kuwerenga. Ana a ku Zambia ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, a kuno ankayamba ndi Chichewa. Anapeza kuti pa Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, koma pa chiyankhulo cha kwawo ana a ku Malawi ankawerenga bwino kwambiri kuposa anzawowo. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi sizinatsatire. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linatembenuka n'kunena kuti chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2016 boma linayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme yolimbikitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi oyambirira. Mphunzitsi wotuluka pa koleji ya aphunzitsi ya ku Area 25 ndiye amasenza kusinthasintha konseku. Amalemba pa bolodi m'Chingerezi, ana n'kungomuyang'ana, kenako amafotokoza m'Chichewa kuti phunziro liyende.

Chiyankhulo cha achinyamata

Kwa nthawi yaitali kayankhulidwe ka m'tauni kankangotchedwa kuwononga Chichewa. Francis Moto ndi mmodzi mwa oyamba kukatenga ngati nkhani yoyenera kufufuza, ndipo mu 2001 analemba za chiyankhulo chatsopano cha achinyamata a ku Malawi ndi mmene anthu amachionera. Pambuyo pake Chimwemwe Kamanga anachifufuza mozama pansi pa dzina lakuti Chibrazi, n'kuonetsa kuti galamala wake ndi wa ziyankhulo zathu zomwezi, koma mawu ake amatoledwa m'Chingerezi, m'ziyankhulo za ku South Africa ndi kwina, kenako n'kupindidwa matanthauzo. Ndicho chimene chimamveka kwa oitanira minibasi, kwa akabaza, kwa amakaniko a ku Biwi, kwa onyamula matumba a mtedza pa msika wa Mgona ndi kwa oimba achinyamata. Mawu monga geni, dilu, masteni ndi shasha anayambira kumeneko, lero akuluakulu omwe amawanena.

Wailesi zoyima pazokha, monga Zodiak imene inayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Lilongwe mu 2005, zinalowetsa kayankhulidwe ka anthu wamba m'nyumba zonse kudzera m'mapologalamu oimba foni. Facebook ndi WhatsApp zachititsa kuti anthu ambiri alembe Chichewa tsiku lililonse kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri yathu, aliyense ndi kalembedwe kake. Mu 2014 kampani ya Google inaika Chichewa pa makina ake omasulira, ndipo makina otere amaphunzira kuchokera pa zimene anthu analemba kale. Ngati zolembedwa zabwino zili zochepa, chimene makinawo adzabwezere ana athu chidzakhala Chichewa chopunduka.

Ntchito imene yatsala

University of Malawi tsopano imaphunzitsa maphunziro a ziyankhulo mpaka digiri yachiwiri, kotero ulendo wa ku London si wokakamiza monga kale. Chosowa ndi anthu oti atenge maphunzirowo n'kubwera nawo kumalokeshoni. Mafunso akudikira ali poyera. Mwana wa Sitandade 5 ku Chinsapo amamva zochuluka bwanji za phunziro la sayansi likaperekedwa m'Chingerezi? Mayi wopita ku sikelo ku Area 25 amatuluka atamvetsa kamwedwe ka mankhwala? Gawo 42 la malamulo limati woimbidwa mlandu azengedwe m'chiyankhulo chimene akumva kapena amumasulire, nanga womasulira wa kukhoti amaphunzitsidwa kuti, ndipo zimene walakwitsa amazigwira ndani? Mwana wosamva wa ku Area 23 amaphunzira chiyankhulo cha manja ali ndi zaka zingati? Uthenga wa kolera ukalembedwa m'Chingerezi ku Capital Hill n'kumasuliridwa mothamanga, umafika ku Mgona ukunena zomwezo?

Mafunso amenewa sangayankhidwe ndi munthu wobwera sabata ziwiri ndi womasulira pambali. Amafuna wokulira pamalopo, amene amadziwa pamene mayi wanena kuti "chabwino" asanamve kanthu, koma wophunzitsidwanso bwino njira za kafukufuku: kupempha chilolezo, kujambula mawu, kuwalemba monga anayankhulidwira, kuwerengera, ndi kusanena zoposa zimene wapeza. Digiri yachiwiri ndiyo imapereka luso limeneli.

Choncho pempho likupita kwa magulu atatu. A mayunivesite, tsegulani makalasi a madzulo ndi a Loweruka mu Lilongwe muno kuti aphunzitsi, atolankhani, anamwino ndi omasulira aphunzire osasiya ntchito, ndipo wophunzira aliyense azilemba chidule cha zimene wapeza m'chiyankhulo cha anthu amene anawafunsa. A boma ndi mabungwe, musanasinthe lamulo la chiyankhulo cha m'sukulu kapena kusindikiza uthenga wa zaumoyo, funsani amene anafufuza, ndipo ikani ndalama pa kafukufukuyo. Inu achinyamata a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona amene muli ndi digiri yoyamba, kalembetseni maphunziro amenewa, ndipo mutu wa kafukufuku wanu muutenge m'sukulu, m'chipatala, m'khoti ndi mumsika wa kwanu.